Serial port pa makompyuta a Unix ndi Linux

Serial port ndi malo olowetsera chingwe pa kompyuta, pomwe uthenga umadutsa motsatizana, biti imodzi pambuyo pa inzake. Muyezo wake wofala ndi RS-232, womwe unakhazikitsidwa ku America mu 1960. Pa makompyuta ambiri akale port imeneyi imakhala ndi timapini 9.

Kulandira ndi kuyimba

Kale modemu imodzi inkagwira ntchito ziwiri: kulandira oyimba kuchokera kunja, ndiponso kuyimbira makompyuta ena. N'chifukwa chake mitundu ina ya Unix imapatsa port imodzi mayina awiri. Pa FreeBSD, /dev/ttyu0 ndi yolandirira, ndipo pulogalamu yoitsegula imadikira kufikira chizindikiro cha DCD chitasonyeza kuti wina walumikiza. Yoyimbira ndi /dev/cuau0, yomwe imatseguka osadikira. Linux inalinso ndi /dev/cua0, koma dzinali linayamba kusiyidwa pa kernel 2.2. Lero /dev/ttyS0 imagwira zonse ziwiri, ndipo mapulogalamu amasiya fayilo mu /var/lock podziwitsa anzawo kuti port yatengedwa.

Kakonzedwe

Wolandira alendo ndi pulogalamu ya getty, yomwe imafunsa dzina la wolowa. Pa FreeBSD imayatsidwa mu fayilo ya /etc/ttys, pomwe pa Linux ya systemd amayatsa serial-getty@ttyS0.service. Poyimba kunja amagwiritsa ntchito minicom, screen kapena cu. Pa Debian ndi Ubuntu munthu wofuna kugwiritsa ntchito port ayenera kukhala m'gulu la dialout, apo ayi port imamukana. Liwiro liyenera kufanana mbali zonse ziwiri. Likasiyana, pasikirini pamangotuluka zilembo zosamveka.

Ku Mzuzu

Mamodemu oyimba pa lamya ya m'nyumba analowedwa m'malo ndi intaneti ya m'mafoni ndi ya fayiba, koma luso ili likadali lofunika kwa amisiri a netiweki mumzindawu, komanso kwa ophunzira ICT ku Mzuzu University ku Luwinga. Marauta ambiri a Cisco amakonzedwa koyamba kudzera pa serial port yotchedwa console, pa liwiro la 9600, mabiti 8, popanda parity, ndi stop bit imodzi. Popeza malaputopu ambiri atsopano alibe serial port, mmisiri amalowetsa kachingwe ka USB komwe Linux imakatcha /dev/ttyUSB0, kenako n'kulemba screen /dev/ttyUSB0 9600. Netiweki ikagwa, kapena adiresi ya rauta ikasokonekera, console ndiyo njira yotsala yolowera m'chipangizocho, chifukwa siidalira netiweki.