Musanasankhe Yunivesite ya Uinjiniya, Yambani Mwawerenga Ma Credit

Ku California, wophunzira uinjiniya amene wamaliza zaka ziwiri ku community college, koleji ya m'dera, amatha kulandira makalata awiri omuitana, imodzi yochokera ku Berkeley, ina ku Davis, masukulu awiri a University of California. Makolo ndi anzake amathamangira kufunsa kuti yotchuka ndi iti. Funsolo silolakwika, koma limabwera msanga. Zoti mwanayo amaliza m'zaka ziwiri kapena zitatu, komanso ngati digiri yake idzamulola kusainira mapulani a mlatho, zagona m'mawu ochepa amene maofesi olembetsa ophunzira amalankhula tsiku ndi tsiku, ndipo amene sawamvetsa amalipira ndi ndalama komanso nthawi.

Oyamba ndi credit, muyeso wa ntchito ya m'kalasi, pafupifupi ola limodzi pa sabata kwa semesita yathunthu. University of California imafuna kuti wolowa m'chaka chachitatu akhale ndi ma credit 60. Berkeley imayendera masemesita pamene Davis imagawa chaka m'zigawo zazifupi zotchedwa quarter, moti 60 yemweyo ku Davis amawerengedwa 90. Masamu amenewo ndi osavuta. Chovuta nchakuti credit yolandiridwa ndi yunivesite si nthawi zonse imene imalowa mu digiri. Ofesi ikhoza kuvomereza phunziro la physics, koma dipatimenti ya uinjiniya n'kunena kuti silinali lozikidwa pa calculus, basi phunzirolo n'kuikidwa m'gulu la elective, maphunziro ongodzaza chiwerengero. Papepala palibe chasowa, koma mwana abwereza. Nthambi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ndalama, GAO, inapeza mu 2017 kuti ophunzira amene anasintha sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi ma credit 43 pa 100 aliwonse.

Mu uinjiniya kutaya kumeneku kumapweteka kuposa m'maphunziro ena chifukwa cha prerequisite, phunziro limene uyenera kukhoza kaye usanaloledwe kulowa lina. Maphunzirowa amasanjikizana ngati njerwa: calculus pansi, physics pamwamba pake, kenako statics, yophunzitsa mphamvu zogwira pa chinthu chosayenda, ndipo statics ikakhala ndi pamene dynamics ndi mechanics of materials zimabwera. Dipatimenti ikakana statics yekha, zonse zapamwamba zimaima, ndipo ngati phunziro lotsatira limaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, chaka chathunthu chapita. N'chifukwa chake articulation agreement, mgwirizano wolembedwa wosonyeza kuti phunziro lakuti la sukulu iyi likufanana ndi lakuti la sukulu iyo, ndi chikalata choyenera kuwerengedwa mzere ndi mzere. Ku California mapangano amenewa aliyense angathe kuwaona pa ASSIST.

Mawu ena olemera ndi accreditation, kuvomerezedwa kwa maphunziro ndi bungwe loona za ubwino wake. Bungwe la ABET, limene linayamba mu 1932 likudziwika ndi dzina lina, silivomereza yunivesite yonse ayi, limavomereza pulogalamu imodziimodzi. Pasukulu imodzi civil engineering ikhoza kukhala yovomerezeka pamene pulogalamu yatsopano ya m'nyumba yomweyo isanavomerezedwe. M'zigawo zambiri za America njira yachidule yopezera laisensi ya uinjiniya yotchedwa PE ndi digiri yovomerezeka, mayeso oyamba otchedwa FE, zaka zinayi za ntchito, kenako mayeso omaliza. Kunja kwa dzikolo nakonso nkhaniyi imatsatira munthu, poti pangano la Washington Accord la mu 1989 limachititsa kuti mayiko amene ali m'menemo azilemekezana madigiri ovomerezeka, ndipo South Africa inalowamo mu 1999 kudzera ku bungwe lake la mainjiniya, ECSA. Apa ndichenjezenso kuti engineering ndi engineering technology si digiri imodzi: yachiwiriyo ili ndi pangano lakelake, Sydney Accord la mu 2001.

Ena anganene kuti zonsezi ndi zamapepala, dzina ndiye limatsegula zitseko, ndipo chaka chimodzi choonjezera ndi mtengo wochepa wolipirira dzina la Berkeley. Mfundoyi ili ndi mutu kwa amene akulowa ntchito zolemba mapulogalamu a kompyuta kapena kafukufuku, kumene olemba ntchito kawirikawiri safunsa za laisensi. Koma chaka chimenecho si fizi yokha. Ndi lendi, chakudya, ndi malipiro a chaka chathunthu cha injiniya amene mwanayo sadzawalandira, ndipo amene amayambira ku community college nthawi zambiri anapitako chifukwa ndalama ndi zochepa. Kwa wofuna kumanga misewu, madamu kapena nyumba zosanja, bolodi yopereka laisensi imayang'ana pulogalamu, osati kutchuka kwa sukulu. Kumene mapulogalamu onse awiri ali ovomerezeka ndipo ma credit akulowa mofanana, pamenepo dzina lilamule, sindikutsutsa.

Choncho wophunzira wokhala ndi makalata awiri alembere madipatimenti onse awiri, osati ofesi yolembetsa yokha, apemphe mndandanda wolembedwa wa maphunziro amene alowa mu digiri ndi amene atsala, afunsenso kuti lililonse lotsalalo limaphunzitsidwa liti. Asalipire dipoziti mayankho awiriwo asanafike m'manja mwake.