Mau a Phungu ndi Anthu Amene Anamtuma

Boma la Rufunsa liri pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, mailosi pafupifupi 100 kum'mawa kwa Lusaka. Ndilo dziko la mapiri la Asoli, kumene kuli mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Masiku ano anthu a kumeneko amasankha phungu wao, ndipo amayembekeza kuti iye abwere kudzawauza zimene wanena ndi zimene wacita m'Nyumba ya Malamulo. Mwambo umenewu sunayambe wokha. Unadza ndi mabvuto, ndipo woyamba kuphunzira kulemera kwace anali Mzungu wina dzina lace Stewart Gore-Browne.

Bwalo la Malamulo la Northern Rhodesia, limene anthu analikulicha Lejiko, linakhazikidwa m'caka ca 1924 ku Livingstone. M'bwalomo munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Lamulo linati wobvota akhale nzika ya Britain, koma eni dziko analikuwerengedwa ngati anthu ochinjirizidwa cabe ndi Britain. Kotero Msoli wa kwa Mpanshya analikukhoma msonkho caka ndi caka, koma analibe mau pa malamulo omlamulira. Ngakhale pamene likulu la dziko linasamukira ku Lusaka mu 1935, m'dziko la Asoli momwemo, citseko ca bwalo cinakhalabe cotseka kwa iwo.

Gore-Browne, amene anamanga mudzi wace ku Shiwa Ng'andu pakati pa Abemba, analowa m'Lejiko mu 1935, ndipo mu 1938 Bwanamkubwa anamuika kuti azinenera anthu akuda. Iye anaona kuti sangathe kunenera anthu amene sanamve mau ao. Tsono anayamba kuyendayenda ku migodi ndi m'matauni, nacita misonkhano ndi akalaliki, aphunzitsi ndi anchito, namva madandaulo ao a malipiro, a nyumba, a sukulu ndi a tsankho la khungu. Pambuyo pace anali kutula zonsezo m'bwalo, ndi kubwerera kukafotokoza mayankho a Boma pamodzi ndi maganizo a mumtima mwace. Anathandizanso kuti pakhale mabwalo a anthu akuda m'zigawo, ndiponso bwalo lao la dziko lonse limene linayamba mu 1946. Cifukwa ca zimenezi anthu anamkhulupirira kwambiri.

Koma m'mwezi wa January 1948 iye anaimirira m'Lejiko, napempha kuti mphamvu za kulamulira dziko zicoke kwa akuru a Boma otumidwa kucokera ku London, zipatsidwe kwa aphungu a m'dziko momwemo. Mau amenewa anawanena asanafunse anthu amene analikuwanenera. Iye anayesa kuti njira imeneyo idzatsekereza dziko kuti lisalumikizidwe ndi Southern Rhodesia, ndiponso kuti anthu akuda adzalandiramo mipando ina. Koma anthuwo analikudziwa bwino za abale ao a kutsidya la Zambezi, kumene Azungu anadzilamulira okha kuyambira 1923 nagawa malo mowakomera iwo eni. Kwa iwo, ulamuliro wa aphungu unatanthauza ulamuliro wa Azungu okhala m'dzikomo. Gore-Browne anayesa kufotokoza colinga cace m'misonkhano, koma anthu anamkana poyera. M'caka comweco atsogoleri a mabungwe a anthu akuda anasonkhana ku Lusaka nayambitsa Kongresi, ndi Godwin Mbikusita Lewanika monga mtsogoleri wao. Akuru akale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ndipo kuyambira pamenepo anthu anatsimikiza mtima kudzinenera okha.

Gore-Browne anacoka m'Lejiko mu 1951. Sanasunge mangawa, pakuti pambuyo pace anagwirizana ndi Kenneth Kaunda nalowa cipani ca UNIP, ndipo pamene anamwalira mu 1967 Boma la Zambia linamuika m'manda ndi ulemu wa dziko. Komabe mbiri yace isonyeza kuti cikhulupiriro cimene anacimanga zaka 10 cinagwa ndi mau a tsiku limodzi onenedwa popanda kufunsa.

Anthu akuda oyamba kukhala m'Lejiko anali Mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango mu 1948. Ndipo mu 1951 analowa Dauti Yamba ndi Paskale Sokota, amene anatsutsa kolimba citaganya ca maiko atatu cimene cinayamba mu 1953. Koma amenewanso sanasankhidwe ndi anthu a m'midzi, anasankhidwa ndi bwalo lija la 1946. Munali m'masankho a January 1964 mmene munthu wamkuru ali yense, mwamuna ndi mkazi, wophunzira ndi wosaphunzira, anaponya voti yace. Kuyambira 1973 aphungu onse anali a cipani cimodzi, kufikira 1991 pamene zipani zambiri zinabwereranso.

Dera la Rufunsa linakhala pansi pa boma la Chongwe kufikira nthawi ya Michael Sata, amene analipatula kuti likhale boma palokha. Kenneth Chipungu wa MMD analiimira kuyambira 2006 kufikira 2016, nakhalanso nduna yoyang'anira acinyamata ndi masewera. Mu 2016 anthu anasankha mai Sheal Mulyata wa UPND, namsankhanso mu 2021, caka cimene anaikidwa kukhala nduna ya cigawo ca Lusaka.

Nchito ya phungu inakula ndi thumba la ndarama za citukuko ca dera liri lonse, lochedwa CDF, limene linayamba mu 1995. Mu 2022 ndaramazo zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera limodzi, kuti zimange zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono ndi zitsime, ndi kulipirira ana osauka m'sukulu zogonera ndi m'sukulu za nchito za manja. Lamulo linaika kuti zofuna ziyambire m'makomiti a m'mawadi, osati m'mutu wa phungu yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Shikabeta amene watsiriza sukulu ali naco cimene agogo ace anacisowa zaka 40 za Lejiko. Akhoza kuwerenga zimene phungu wace wanena, kukhala nao pa msonkhano wa m'wadi, ndi kufunsa mwaulemu kumene ndarama zapita. Phungu wanzeru akondwera nao mafunso otere, podziwa kuti mpando umene akhalapo uli wa anthu amene anamtuma.