Malimba a m'Sukulu za ku Bulawayo

Malimba amene ana amaimba m'sukulu za ku Barbourfields, Mzilikazi ndi Makokoba si akale monga amaonekera. Anabadwira mumzinda wa Bulawayo momwemo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa sukulu ya zoimbaimba ya Kwanongoma. Sukuluyi anaiyambitsa ndi Robert Sibson, mkulu woona zamagetsi mumzindawo, amene ankada nkhawa kuti nyimbo zamakolo zikuzilala m'malokeshoni. Pambuyo pake inasamukira ku United College of Education, kufupi ndi malokeshoni amenewa.

Vuto linali kupeza chida choti aphunzitsi apite nacho m'makalasi, chosakondera Ashona kapena Andebele. Anasankha malimba. Josiah Siyembe Mathe, Mlozi wodziwa silimba ya kwawo, anathandiza pa kapangidwe kake, ndipo Nelson Jones anakhoma zida zoyambirira. Pa sukuluyi ankaphunzitsanso mbira, chida chonga kalimba, ndipo mphunzitsi wake anali Jege Tapera, yemwe anaiphunzira kudera la Tete, n'chifukwa chake imatchedwa nyunga nyunga, kukumbukira Anyungwe.

Luso lenileni lili pa matabwa. Amasema mlombwa, mtengo wouma bwino ndiponso womveka patali. Akapala pansi pa thabwa chapakati, mawu amatsika. Akapala kunsonga, amakwera. Kunsi ankamangirirako zikho zokuza mawu, koma poti zikho zimasweka msanga m'manja mwa ana, mapaipi apulasitiki analowa m'malo mwake. Pambali pa paipi amaboola kabowo n'kumatapo kapulasitiki kopyapyala kuti kazinjenjemera. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi kathumba ka mazira a kangaude, monga zilili pa valimba ya ku Nsanje. Kulira kwa nthetemya kumeneku sikuti ndi chilema ayi, ndiye kukoma kwake.

Malimba athunthu amafuna ndalama, choncho ana aang'ono amayambira pa zopanga okha. Maseche, amene Ashona amati hosho, ndi chikho chokhala ndi njere m'kati, ndipo m'tauni chitini cha timiyala chimakwanira. Andebele amavala amahlwayi m'miyendo, zikwa za mbozi zoikamo timiyala. Zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya nazo zimalira bwino.

Dumisani Maraire, wophunzira wa pa Kwanongoma, anapita ku Seattle mu 1968 n'kukafalitsa malimbawa ku America. Alport Mhlanga anatsalira pa Kwanongoma kwa zaka zambiri akuphunzitsa ndi kupeka nyimbo zimene magulu a ana amaimbabe.