Kambale, ndi mbiri ya chifuwa cholowa mkati

Ku Ngala malaya sakhalitsa m'thupi. Dzuwa likangoswa mtengo, anyamata amavula n'kudumphira m'nyanja, okoka khoka nawo amagwira chingwe chifuwa chili pamtunda. Ukakhala ndi chobisa pathupi, gombe limakuulula.

Msuweni wanga ankasambira atavala malaya. Pakati pa chifuwa chake panali polowa mkati, moti akagona chagada pamchenga, madzi ankakhazikikapo. Tinkamutchula Kambale. Akuluakulu ena ankanong'ona kuti mayi ake anadumpha mankhwala ali oyembekezera. Ine ndinkaseka nawo, ndipo mpaka pano zimandiluma.

Ndili wamkulu kale m'pamene ndinadziwa kuti madokotala amati ndi pectus excavatum, mawu achilatini otanthauza chifuwa chokumbika. Mwana amabadwa nalo vutoli. Mafupa ofewa amene amalumikiza nthiti ndi fupa la pakati pa chifuwa amakula mosalongosoka, n'kulikankhira fupalo mkati. Zimachitikira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 400, makamaka anyamata, ndipo nthawi zambiri zimayenda m'magazi. Dzenjelo limakonda kukula mwana akamatha msinkhu.

Si zatsopano ayi. Mu 1594, dokotala Johann Bauhin analemba za wodwala wa chifuwa chotere amene ankabanika ndi kutsokomola. Panadutsa zaka zoposa 300 popanda wolimba mtima kuchita opaleshoni, chifukwa kutsegula chifuwa masiku amenewo kunali kuitana imfa. Mu 1911 Ludwig Meyer wa ku Germany anayesa kudula mafupa ofewa aja. Mu 1949 Mark Ravitch wa pachipatala cha Johns Hopkins ku America anafalitsa njira yake: kung'amba kutsogolo, kuchotsa mafupa ofewa opindika, n'kukweza fupa la pakati. Inkathandiza, koma inkasiya chipsera chachikulu, ndipo ana ena amene anachitidwa adakali aang'ono kwambiri chifuwa chawo sichinkakulanso bwino.

Amene anasintha zinthu ndi Donald Nuss, yemwe anaphunzira udokotala ku Cape Town n'kukagwira ntchito ku Norfolk, Virginia. Iye anaona chimene agogo athu ankadziwa kale, kuti kuwongola mtengo m'poyamba. Chifuwa cha mwana n'chofewa, ndiye kudulirenji? Mu 1987 anayamba kulowetsa chitsulo chopindika kudzera m'mbali mwa chifuwa, kuchidutsitsa kuseri kwa fupa la pakati, kenako n'kuchitembenuza kuti chilikankhire kunja. Chitsulocho chimakhala mmenemo zaka 2 kapena 3, kenako amachichotsa. Zotsatira za zaka 10 anazifalitsa mu 1998, ndipo lero njirayi yafala m'mayiko ambiri.

Koma pali china, abale. Kwa zaka zambiri, ngakhale madokotala ena ankati iyi ndi nkhani ya maonekedwe basi. Zoona, ambiri amakhala bwinobwino popanda opaleshoni. Komabe dzenje likazama limapanikiza mtima ndi mapapo, munthu amatopa msanga, mpweya umamuthera. Msuweni wanga ankasiya nkhafi anzake asanatuluke ndi thukuta lomwe. Ife tinkati ndi ulesi.

Kuno kwathu, mu 2017 anatsegula Mercy James Centre pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, malo ochitira maopaleshoni a ana. Kuchokera ku Ngala ndi mtunda ndithu, koma ulendo umayambira pafupi: kukaonetsa mwana kuchipatala cha boma ku Nkhotakota kuti amupime mtima ndi kapumidwe, makamaka ngati akubanika kapena akumva kuwawa pachifuwa.

Msuweni wanga ali ndi ana awiri tsopano, ndipo amaumitsa usipa pathandala. Chaka chatha ndinamuuza dzina la vuto lakeli, ndinamuuzanso kuti mayi ake sanadumphe kalikonse. Anakhala duu kanthawi, kenako anati: "Achimwene, mukanawauza mayi adakali moyo."