Msonkhemsonkhe wa ku Lundazi usanalowe m'foni

Mwezi watha ndinakhala nawo pa msonkhano wa ana a ku Lundazi okhala mu Lusaka. Tinadziwana pa gulu la WhatsApp, ndipo ambiri tinkaonana maso ndi maso koyamba. Nkhani inali ya denga la sukulu ina ya kwathu lomwe linasasuka ndi mphepo. Mtsikana wina anatiphunzitsa kujambula chithunzi chogwira mtima, kuchiika pa Facebook, ndi kulemba nambala ya Airtel Money pansi pake. Atatha anabwera pomwe ndinakhala nati, "Amalume, mukasokonezeka mundifunse, izi n'zatsopano." Ndinati, mwana wanga, foniyo ndiye yatsopano, koma msonkhemsonkhe ndinaupeza pobadwa.

Kwathu kwa Mwase, uthenga wa maliro ukamveka, amayi ankatuluka ndi kambale ka ufa kovindikira ndi nsalu, anyamata n'kuthamangira nkhuni ndi makasu. Munda wa munthu wodwala unkalimidwa pa dima. Panalibe wolemba, chifukwa aliyense ankaona ndi maso ake yemwe wabwera ndi yemwe wabisala m'nyumba.

Kope lolembamo osonkha linabwera ndi maulendo okafuna ntchito. Msonkho wa atsamunda utayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ananyamuka wapansi kukafuna ndalama ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni, ndipo kenako ku Migodi. Kumeneko munthu akamwalira kunalibe mlongo wake kapena nyakwawa. Ndiye anthu ochokera dera limodzi, Achewa, Atumbuka ndi Angoni, anayamba kusonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzawo asaikidwe ngati mlendo. Mu 1931 mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unakhazikitsa akulu oimira mitundu m'komboni, ndipo nkhani za matenda ndi maliro zinkafikira kwa iwo. Aphunzitsi ndi makalaliki nawo anali ndi mabungwe awo othandizana, amene anagwirizana ku Broken Hill mu 1946, ndipo mu 1948 mgwirizanowo unasanduka chipani cha Congress.

Bambo anga anagwirako ntchito ku Luanshya, ndipo kope lawo ndinaligwira ndi manja angawa. Linali lachikuto chofiira, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Tsamba lililonse anali atalijambula mizere itatu: dzina, mudzi, ndalama. Wina sikisipensi, wina shereni. Pambali pa dzina lina analemba ndi pensulo kuti "alibe, koma wakumba manda." Mzere umenewo sindiuiwala. Tsiku lamalipiro likadutsa ankakhala panja pa nyumba n'kuwerenga maina onse mokweza, ndalamazo zili poyera m'chitini cha fodya.

Mipingo nayo inali ndi njira yake. Kuchokera pa mishoni ya Chasefu, yobadwa ku Livingstonia, mpaka m'timatchalitchi taudzu, nthawi ya masika anthu ankatuta chimanga, mtedza ndi nkhuku kupita nazo kutchalitchi, ndipo amayi a Umanyano ankayendera odwala ndi zomwe zasonkhedwazo.

Ndalama zasintha nkhope kangapo. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1968, ndipo pa 1 Januwale 2013 inachotsedwa maziro atatu. Ine nditayamba ntchito mu Lusaka, chipepeso tinkachiika mu envulopu n'kupatsira kondakitala wa basi, kuti idutse Chipata n'kutsata makilomita ena pafupifupi 180 mpaka pa boma la Lundazi. Usiku wonse mtima uli m'mwamba. Lero MTN ndi Airtel zimafikitsa ndalama maliro asanatuluke m'nyumba. Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, abale ambiri kumudzi anagula ufa ndi ndalama zodzera m'magulu a WhatsApp ngati lathu lija. Zimenezi ndimaziyamikira ndi mtima wonse.

Chondiwawa n'chakuti mndandanda wa m'foni umangodziwa kwacha. Gogo amene wapereka nkhuku yake yokhayo, kapena mnyamata amene waumba njerwa masiku atatu, salembedwa paliponse. Amene amatamandidwa ndi ife a m'tauni otumiza K500. Komanso ndalama zikalowa mu nambala ya munthu mmodzi, palibe chitini choti tonse tisuzumiremo, ndipo ndaonapo magulu akutha chifukwa cha kunong'onezana.

Pa msonkhano uja ndinapempha zinthu ziwiri, ndipo ndikuzipemphanso kwa inu oyang'anira magulu a kwathu. Malata akafika pasukulupo, mukaitane makolo ndi anyakwawa, muwerenge mokweza zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Ndipo pa mndandandawo muwonjezere mzere wa amene anatunga madzi ndi kusenza mchenga.