Kucoka pa citupa kufika pa study permit

Pa Silverest, m'mbali mwa Great East Road popita ku Chongwe, pali kampasi ya University of Lusaka. M'ma boarding house a kumeneko timagona pamodzi ndi anzathu ocokera ku maiko ena, monga Zimbabwe ndi Malawi. Timadya nsima imodzi, timalemba mayeso amodzi. Koma iwo ali ndi nkhawa imene ife a NRC yobiriwira tilibe: tsiku limene study permit yao idzatha. Pepala limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yathunso.

Makolo athu anali kudziwa bwino kulemera kwa pepala. M'nthawi ya atsamunda, mwamuna wakuda mu Northern Rhodesia anali kuyenda ndi citupa. Ngakhale pamene dziko lino linaphatikizidwa ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland mu Federation, kucokera mu 1953 mpaka 1963, citupa sicinacoke m'thumba. Ndiye cifukwa cake mu 1961, pa nkhondo ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa poyera. Anali atatopa ndi kufunsidwa mapepala m'dziko lao lomwe.

Titalandira ufulu mu 1964, zinthu zinatembenuka. Manje ndife tinali ndi malire, ndife tinali kusankha wolowa. Mu 1965 boma linapanga lamulo lake loona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo mu 1966 UNZA inalandira ophunzira oyamba. Panthawiyo maiko ambiri otizungulira anali asanamasuke, ndipo a Kenneth Kaunda anatsegula citseko. Ana othawa nkhondo ndi tsankho anaphunzira ku Nkumbi International College ku Mkushi. Pa 26 August 1976, mu Lusaka munatsegulidwa United Nations Institute for Namibia, sukulu yokonzekeretsa anthu a ku Namibia kudzayendetsa dziko lao. Mkulu wake anali a Hage Geingob, amene anadzakhala pulezidenti wa Namibia mu 2015. Ophunzira ambiri a nthawi imeneyo anali othawa kwao. Cimene cinawasunga muno ndi mabungwe, zipani zomenyera ufulu ndi mtima wa boma.

Namibia itamasuka mu 1990, sukulu ija inatsekedwa, ndipo mlendo wa mtundu wina anayamba kubwera. Uyu sathawa nkhondo. Amabwera ndi pasipoti, makolo ake amalipira fizi, ndipo kambiri amalowa m'mayunivesiti amene si a boma. Kumbuyo kwake kulibe cipani kapena United Nations. Ali yekha ndi pepala lake.

Mu 2010 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano, Immigration and Deportation Act nambala 18, m'malo mwa lija la 1965. Study permit ndi cimodzi mwa zilolezo zimene lamuloli linachula, ndipo imaperekedwa ndi dipatimenti ya Immigration. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu wa ku Malawi kapena ku Zimbabwe safunika viza kuti alowe mu Zambia, koma cidindo ca pa boda ya Mwami kapena Chirundu ndi ca wodzaceza cabe. Wodzaceza amaloledwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12. Digiri imatenga zaka. Kalata yokulandira pa sukulu si cilolezo cokhalira m'dziko, ndipo permit ikatha osaikonzanso, wophunzira amasanduka munthu wokhala muno mosaloledwa. Akhoza kumangidwa kapena kubwezedwa kwao, ngakhale atatsala ndi semesita imodzi cabe.

Tisasokoneze ziwirizi. Citupa cinali kucepetsa munthu kwao. Study permit ndi pangano pakati pa mlendo ndi dziko lomulandira, ndipo ife tikapita kukaphunzira ku India, China kapena Russia timasaina pangano lofanana. Koma mantha a munthu woimitsidwa pa roadblock alibe pepala ndi omwe aja agogo athu anali nao.

Conco ngati mnzanu wa m'cipinda ndi mlendo, mufunseni tsiku limene permit yake ikutha. Muuzeni ayambe kuikonzanso kukali nthawi, asunge makope ndi malisiti, ndipo adutse ku ofesi ya sukulu kapena ku Immigration kweni-kweni, osati kwa munthu wa pakona wolonjeza cidindo ca msanga. Dziko limene linaphunzitsa othawa nkhondo lisataye wophunzira cifukwa ca deti yoiwalika.