Masamu a Gauss ndi malire a minda ya ku Chipangali

Woyeza malo akabwera kudzadula famu ku Chipangali, amalemba manambala awiri ataliatali osonyeza poti pazikidwe bikoni. Gwero la manambalawo lili ku Germany, kwa mwana wa mmphawi dzina lake Carl Friedrich Gauss.

Gauss anabadwa mu 1777 mumzinda wa Braunschweig. Bambo ake ankadya za thukuta, kumanga nyumba ndi kulima m'madimba a eni. Amasimba kuti tsiku lina mphunzitsi anauza ana kuti awonkhetse manambala onse kuyambira 1 mpaka 100. Anzake adakali kukanda mitu, iye anali atalemba kale 5050, poona kuti 1 ndi 100 zipanga 101, 2 ndi 99 chimodzimodzi, ndipo magulu otere alipo 50. Mfumu ya deralo itamva za mnyamatayu inamulipirira maphunziro mpaka ku yunivesite ya Göttingen.

Mu 1818 anapatsidwa ntchito yoyeza dziko la Hanover. Ankakwera mapiri, n'kumawalumikiza atatuatatu pa mapu. Pofuna kuti aziona anzake ali patali, anapanga chipangizo cha kalilole chothwanimitsa dzuwa kuchoka paphiri lina kukafika pa linzake.

Panali mavuto awiri. Loyamba, ukayeza mtunda umodzi kangapo, mayankho amasiyana pang'ono. Apa anagwiritsa ntchito njira imene anasindikiza mu 1809, yopezera yankho loyandikira kwambiri choonadi, ndipo ndiyo imathandizanso GPS lero. Lachiwiri, dziko ndi lobulungira pomwe pepala ndi lafulati. Yesani kuphwathalitsa chikho, ching'aluka. Gauss anapeza masamu osamutsira dziko papepala ngodya zake osapotoka. Iye anamwalira mu 1855, koma Louis Krüger anakonzanso masamuwo mu 1912. Pa maziko amenewa panamangidwa dongosolo la UTM, logawa dziko lonse m'zigawo 60. Chipata ndi Chipangali zili m'chigawo 36.

Koma kuno kwathu mapu sanabwere ndi mtendere. Mjeremani wina, Carl Wiese, wogula minyanga ya njovu, ananena kuti Nkosi yaMakosi Mpezeni anamupatsa chilolezo pa dziko lino. Chikalatacho chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration. Mu 1898 Angoni anagonjetsedwa pankhondo, Nsingo mwana wa Mpezeni n'kuphedwa. Oyeza malo anadula mafamu a fodya a azungu mozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, eni nthaka n'kupanikizidwa m'marizevu. Muyeso unali wolondola, koma wogwira chingwe sanali wathu.

Chipangali inakhala boma payokha mu 2018. Anthu akuchuluka, ofuna mapepala a malo nawonso akuchuluka, ndipo milandu ya malire siitha pabwalo la amfumu. Tikufunika oyeza malo obadwira konkuno, odziwa masamu komanso odziwa pamene pali manda a makolo ndi dambo lodyetserako ng'ombe. Maphunziro amenewa alipo ku University of Zambia. Makolo, aphunzitsi ndi mafumu, mwana amene mwamuona kuti masamu amamumvera, mtsikana kaya mnyamata, musamusiye atsalire kumunda chifukwa chosowa ndalama za yunifomu ndi zoyendera. Sonkherani, akaphunzire, adzatiyezere dziko lathu mwachilungamo.